Luso la Kumata Zidutswa ndi Aphunzitsi Amene Analilowetsa m'Sukulu

Tsiku lina, cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, m'mzinda wa Dessau ku Jeremani, mphunzitsi wina dzina lace Josef Albers analowa m'cipinda ca ophunzira atsopano atasenza mtolo wa nyuzipepala zakale. Anagawira yense pepala lace, nawauza kuti iwo ndi anthu osauka, osayenera kumwaza cinthu kapena kutaya nthawi. Tsono yense apange kanthu ndi pepala limene walandira, kanthu koposa m'mene pepalalo linaliri, koma osaiwala kuti ndi pepala. Anatinso amene angathe kucita zimenezi wopanda mpeni, sizasi kapena guluu, ameneyo ndiye adzakhala atacita bwino kopambana. Atanena mau awa anatuluka nawasiya okha.

Patapita maola angapo anabweranso. Ophunzira anali atapinda timabwato, tindege, tinyumba ta mafumu, tinyama ndi zophimba kumaso. Albers anaziyang'ana nati izi ndi zoseweretsa za tiana, ndipo zambiri za izo zikadakoma zikadapangidwa ndi cinthu cina. Pamenepo analoza nchito ya mnyamata wina wa ku Hungary, amene anangopinda nyuzipepala yace m'litali mwace naiimika pansi monga chinga. Pepala limene masiku onse limagona pa tebulo ndi kuonetsa mbali imodzi yokha, tsopano linaima ciriri ndi kuoneka mbali zonse ziwiri. Nkhaniyi anaisimba pambuyo pace Hannes Beckmann, mmodzi wa ophunzira amene analipo.

Omvera ambiri adzadabwa kumva kuti mphunzitsi wa sukulu yaikulu ya luso anayamba ndi mapepala otha nchito m'malo mwa pensulo ndi utoto. Kuti cimeneci cimveke, nkhani iyenera kubwerera m'mbuyo kufikira caka ca 1912, pamene amisiri awiri ojambula okhala ku Falansa anayamba kumata zidutswa pa zithunzi zao.

Ciyambi ca luso la kumata

Luso limeneli Afalansa amalicha collage, dzina locokera ku mau ao akuti coller, ndiko kunena kumata. Mmisiri wa luso ili amatenga zidutswa za zinthu zimene ziripo kale, monga pepala, nsalu, tikiti, cingwe kapena khungwa la mtengo, naziyala pamodzi pa thabwa kapena pa pepala lolimba, nazimata. Afanana ndi mai wosoka cofunda ca zigamba zokha-zokha, amene sanaombe nsalu iri yonse, koma adziwa kusankha cigamba coyenera kukhala pambali pa cinzace.

Kumata mapepala sikunayambe m'caka ca 1912 ai. Ku Japan alembi ankalumikiza mapepala a mitundu-mitundu zaka zoposa 800 zapitazo kuti alembepo ndakatulo. Ku Mangalande mai wina wamasiye, Mary Delany, anayamba m'caka ca 1772, ali ndi zaka 72, kudula timapepala topaka utoto ndi kutimata pa pepala lakuda kuti tioneke ngati maluwa eni-eni. Anapanga zithunzi za maluwa pafupi-fupi 1,000, ndipo ziri ku British Museum ku London. Koma akatswiri a luso a masiku amenewo ankayesa zotere nchito ya manja yopititsa nthawi cabe.

Cinthu cinasintha ndi Pablo Picasso, wa ku Spain wokhala ku Paris, ndi bwenzi lace Georges Braque. M'caka ca 1912 Picasso anali kujambula zinthu za pa tebulo la m'nyumba yomweramo khofi. Anatenga cidutswa ca nsalu yoterera yoyala pa tebulo, imene ku fakitale anaidinda maonekedwe a zoluka za mpando, nacimata pa cithunzi cace. M'mphepete mwa cithunzico, cimene cinali cozungulira ngati dzira, anazunguliza cingwe ceni-ceni. M'mwezi wa Seputembala caka comweco Braque anaona m'sitolo ina ku Avignon pepala lomata pa zipupa za nyumba, lodindidwa mizere yonga ya thabwa. Analigula, nadula zidutswa, nazimata pa pepala loyera, najambula pamwamba pace mbale ya zipatso ndi tambula ndi makala. Picasso ataona zimenezi anayamba kudula nyuzipepala, zina za izo zosimba za nkhondo imene inali kumenyedwa m'maiko a Balkan nyengo yomweyo.

Kanthu aka kaoneka kakang'ono, koma kanagwedeza mwambo wa zaka mazana anai. Ulemerero wa wojambula wa ku Ulaya unali pa kunyenga maso, ndiko kuti kujambula thabwa ndi utoto kufikira munthu afune kuligogoda. M'sukulu za luso mnyamata ankatha miyezi yambiri akukopera zithunzi za akatswiri akale ndi zifanizo zoumbidwa ndi njereza, asanaloledwe kujambula munthu wamoyo. Tsono ngati pepala la ndalama zowerengeka la m'sitolo linyenga maso monga momwe burashi ya katswiri icitira, kodi nchito ya wojambula yatsala pati? Zithunzi za awiri aja zinayankha kuti yatsala pa kuona, kusankha ndi kuika cinthu pa malo ace. Cidutswa ca nyuzipepala cikhoza kuimira botolo pa cithunzi, komabe munthu akasendera pafupi amawerenga nkhani za tsikulo. Ciri zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo woona ndiye azilumikiza m'mutu mwace.

Itatha nkhondo yaikulu yoyamba m'caka ca 1918, luso limeneli linapeza nthaka yaconde ku Jeremani, dziko logonja ndi losweka. Ku Berlin mai wina, Hannah Höch, ankadula zithunzi za m'nyuzipepala ndi kuika mitu ya akazembe a nkhondo pa matupi a obvina, kuti anthu aone kupusa kwa olamula. Ku Hanover Kurt Schwitters ankayenda m'miseu akutola matikiti a sitima za m'mzinda, mabatani, mawaya ndi zikuta za fodya. Nchito yace yonse anaicha Merz, kacidutswa ka dzina la banki yochedwa Kommerz- und Privatbank kamene anakadula pa pepala la malonda m'caka ca 1919. Iye anakhulupirira kuti popeza zonse zinali zitasweka, zatsopano ziyenera kumangidwa ndi zidutswa zomwezo.

Sukulu ya Bauhaus

M'caka comweco ca 1919 mmisiri wolemba mapulani a nyumba, Walter Gropius, anatsegula ku Weimar sukulu yochedwa Bauhaus. Colinga cace cinali cakuti wojambula, woomba nsalu, wopala matabwa, wosula ndi womanga aphunzire pansi pa denga limodzi. Koma panali bvuto: acinyamata obwera kumeneko, ena ocokera ku nkhondo ndi ena ku sukulu zakale za luso, anali ndi mitu yodzala ndi zokopera. Cotero kunakhazikitsidwa maphunziro oyambirira a miyezi 6, amene yense anayenera kupyolamo asanalowe m'nyumba iri yonse ya nchito.

Woyamba kuyendetsa maphunzirowa anali Johannes Itten wa ku Switzerland. Pano pali cinthu coyenera kucisunga: Itten anayamba moyo wace wa nchito monga mphunzitsi wa ana ang'ono, ndipo Albers nayenso anali wotero. Onse awiri anadziwa ciphunzitso ca Friedrich Fröbel, Mjeremani amene anayambitsa sukulu za tiana zochedwa kindergarten m'caka ca 1840, m'mene ana amaphunzira mwa kupinda, kudula ndi kuluka mapepala. Cimene anacita ndico kutenga njira ya ana ndi kuipereka kwa akulu, naiphatikiza ndi luso latsopano la kumata.

Itten ankatuma ophunzira kukafuna-funa m'makhichini, m'nyumba za nchito ndi ku dzala, kuti abwere ndi ubweya, nthenga, magalasi, utuci, zikopa ndi malata. Izi ankaziyala pa thabwa, cokhakhala pambali pa cosalala, colimba pambali pa cofewa, cowala pambali pa cozimirira. Nthawi zina ankawatsinzinitsa kuti azindikire cinthu ndi nsonga za zala zokha. Pambuyo pace m'pamene ankaloledwa kujambula cimene anamata, ndipo tsopano ankajambula cinthu cimene anacikhudza ndi kucidziwa. Itten anali munthu wa miyambo yacilendo, wometa mpala ndi wobvala mkanjo, ndipo phunziro lace linkayamba ndi kupuma mpweya mwa dongosolo ndi kutambasula thupi. Anasemphana maganizo ndi Gropius nacoka m'caka ca 1923.

Mmodzi wa amene anapyola m'manja mwace anali Albers, amene anafika m'caka ca 1920 ali ndi zaka 32. Analibe ndalama zogulira zipangizo. Iye anafuna kugwira nchito ndi galasi, koma akulu a sukulu anamuuza kuti alowe m'gulu la opaka zipupa, namcenjeza kuti akapanda kumvera adzacotsedwa. Albers anabereka thumba, natenga nyundo, napita ku dzala la mzinda wa Weimar. Kumeneko anaphwanya mabotolo obiriwira ndi ofiira, namangirira zidutswa zace pa malata ndi pa ukonde wa waya. Ataonetsa nchitoyi anayembekeza kalata yomthamangitsa. Kalata inabweradi, koma yomlola kupitiriza ndi yompempha kuti akonze nyumba ya nchito ya galasi ya sukuluyo. M'caka ca 1923 anayamba kuphunzitsa ophunzira atsopano pamodzi ndi László Moholy-Nagy wa ku Hungary, ndipo kuyambira 1928, sukulu itasamukira kale ku Dessau, maphunziro oyambirira onse anakhala m'manja mwace.

Pamene Albers anauza ophunzira kuti ndi osauka, sanali kuphiphiritsa. Pofika Novembala 1923 dola imodzi ya ku Amereka inkasinthidwa ndi ndalama za Jeremani zoposa mabiliyoni 4,000, ndipo ophunzira ambiri ankagona ndi njala. Koma iye anasandutsa umphawi kukhala lamulo la maphunziro. Wophunzira akadula pepala, cotsala cisatayidwe, cikhale mbali ya nchito. Asacite ndi cinthu monga momwe anthu onse amacitira. Popeza pepala anthu amalimata, iye ayambe wayesa kulisoka, kulipinda, kulimanga kapena kulilowetsa m'linzace. Ici cioneka ngati cotsutsana ndi luso la kumata, pakuti guluu weni-weniyo analetsedwa. Koma cimene Albers anatenga kwa Picasso ndi Schwitters sicinali guluu. Cinali cizolowezi ca kuyang'ana cinthu conyozeka ndi kufunsa cimene cingathe kucita.

M'caka ca 1933 cipani ca Nazi ca Adolf Hitler cinatenga boma. Bauhaus, imene inali itathamangitsidwa ku Dessau ndi kuthawira ku Berlin, inatsekedwa caka comweco. M'caka ca 1937 zithunzi za Schwitters zinapacikidwa ku Munich pa cionetsero conyoza luso limene boma linalicha lobvunda, ndipo iye anathawira ku Norway, kenaka ku Mangalande, kumene anamwalira m'caka ca 1948. Aphunzitsi ndi ophunzira a Bauhaus anabalalika. Mwa njira zambiri zimene ciphunzitso ca zidutswa cinatsata, ziwiri ziyenera kulongosoledwa. Ina inaoloka nyanja kunka ku Amereka, ndipo ina inathera m'ndende ya Ayuda.

Ku mapiri a North Carolina

M'caka ca 1933 aphunzitsi owerengeka otsogozedwa ndi John Andrew Rice anatsegula sukulu yaing'ono m'mapiri a North Carolina, naicha Black Mountain College. Anafuna kuti luso likhale pakati pa maphunziro onse, ngakhale kwa wophunzira masamu kapena mbiri yakale. Aphunzitsi ndi ophunzira ankadya pamodzi, kulima munda wa sukulu pamodzi, ndipo anamanga okha nyumba yao yophunziriramo. Anaitana Albers ndi mkazi wace Anni, katswiri woomba nsalu, amene anali wa mtundu wa Ayuda ndipo moyo wace unali pa ngozi ku Jeremani. Anafika m'mwezi wa Novembala. Albers sanali kudziwa Cingelezi, koma atafunsidwa cimene anadzera, anakhoza kuyankha ndi mau owerengeka kuti anadza kudzatsegula anthu maso.

Sukuluyi nayonso inali yosauka, ndipo dzala lace ndi nkhalango yace zinakhala sitolo. M'nyengo imene masamba a mitengo ya kumeneko amasanduka ofiira ndi acikasu asanayoyoke, ophunzira ankawatola, nawaumitsa, nawamata pa mapepala a mitundu. Phunziro lina linali la kunyengeza: kuyala njere, mcenga, thonje kapena zikhokho za buledi mwa njira yakuti colemera cioneke copepuka, kapena couma cioneke conyowa. Anni Albers ndi wophunzira wina, Alex Reed, anapanga mikanda ya m'khosi ndi zopanira tsitsi, zopanira mapepala ndi kasefa ka m'sinki yotsukiramo mbale.

Koma phunziro limene linachuka koposa ndi la mitundu, ndipo m'menemo luso la kumata linagwira nchito yace yaikulu. Albers anakana kuti ophunzira ayambe ndi utoto. Zifukwa zace zinali zomveka. Wosakaniza utoto amataya nthawi, ndipo mawa sangathe kupezanso mtundu womwewo ndendende. Burashi imasiya mizere imene imakopa maso. Koma pepala la mtundu umodzi likadulidwa pakati, zidutswa ziwirizo ziri zofanana popanda cikaiko, ndipo mapepala otere apezeka caje m'magazini akale. Tsono wophunzira ankauzidwa kuti atenge tizidutswa tiwiri ta pepala limodzi lotuwa, aike kena pa pepala lalikulu lakuda ndi kena pa loyera. Pomwepo ka pa lakuda kaoneka kowala, ndipo ka pa loyera kaoneka koderapo, cinkana tonse tinadulidwa pa pepala limodzi. Atatha ici ankapatsidwa cobvuta koposa, ndico kuonetsa mitundu iwiri yosiyana monga ngati ndi umodzi. Wophunzira ankasuntha-suntha zidutswa maola ambiri, namata pokha-pokha atapeza yankho. Mphunzitsi sanali kumuuza lamulo poyamba. Maso ace omwe ndiwo ankamuonetsa kuti mtundu umasintha malinga ndi mnansi wace.

Albers anacoka ku Black Mountain m'caka ca 1949, ndipo m'caka ca 1950 anakhala mkulu wa maphunziro a luso la kukonza zinthu pa Yale University. Maphunziro ace a mitundu anasindikizidwa m'caka ca 1963 m'buku lochedwa Interaction of Color, limene lamasuliridwa m'zinenero zambiri. Black Mountain College inatsekedwa m'caka ca 1957 cifukwa ca kusowa ndalama ndi ophunzira.

Ophunzira awiri osiyana

Albers anali mphunzitsi waukali. Sanafune kumva za wophunzira wofotokoza za mumtima mwace pa pepala, ndipo ankanenetsa kuti zimene zipangidwa m'kalasi ndi zoyesera cabe, siziri luso. Kujambula ndi pensulo sanakutaye, koma ankakuphunzitsa ndi mwambo wolimba. Mnyamata wina wa ku Texas, Robert Rauschenberg, amene anafika m'caka ca 1948, anabvutika naye kwambiri, pakuti Albers anamuona ngati wosasamala. Komabe zaka zambiri pambuyo pace Rauschenberg ankanena kawiri-kawiri kuti Albers ndiye mphunzitsi wofunika koposa amene anakhala naye.

Cimene anaphunzira anacipititsa kumene mphunzitsi wace sakadafuna. M'caka ca 1955 ku New York anatenga pilo, nsalu yogonera ndi cofunda ca zigamba, nazikhomera pa matabwa, nazithira utoto, nazipacika pa cipupa monga cithunzi, nacicha Bed. Nchito ina, yochedwa Monogram, iri ndi mbuzi youmikidwa yoima pa thabwa lopaka utoto, tayala la galimoto litaizinga m'mimba. Ambiri anaseka, ena anakwiya, koma m'caka ca 1964 analandira mphotho yaikulu pa cionetsero ca maiko onse ca ku Venice. Luso la kumata, limene linayamba ndi kacidutswa ka nsalu ya pa tebulo, tsopano linameza kama ndi mbuzi.

Wophunzira waciwiri sanamveke msanga cotero, koma pa nkhani ya maphunziro nchito yace inafika patali. Ruth Asawa anabadwa m'caka ca 1926 ku California, mwana wa alimi ocokera ku Japan. M'caka ca 1942, ali ndi zaka 16, boma la Amereka linamtsekera m'misasa pamodzi ndi banja lace, monga linacitira ndi anthu a mtundu wa Japan oposa 100,000. Atatuluka anaphunzira za uphunzitsi, koma sanapatsidwe malo oyeserera kuphunzitsa cifukwa ca mtundu wace. Anafika ku Black Mountain m'caka ca 1946 nakhala zaka zitatu. Pogwira nchito m'nyumba yocapiramo zobvala anatenga cidindo codindira nsalu za sukulu, nacidinda-dinda pa pepala kufikira zilembo zinasanduka maluko okongola. M'caka ca 1947 ku Toluca, m'dziko la Mexico, anaphunzira kwa mmisiri wa kumeneko kuluka madengu a waya, ndipo kucokera pamenepo anayamba kuluka zinthu zazikulu za waya zolendewera ku denga, zimene ziri m'nyumba zochuka zosungiramo za luso.

Asawa anali mai wa ana asanu ndi mmodzi, ndipo anaona kuti m'sukulu ya boma ya ana ace ku San Francisco phunziro la luso linali losauka. M'caka ca 1968 iye ndi makolo anzace anayambitsa maphunziro a luso pa sukulu ya Alvarado. Ndalama analibe. Anasonkhanitsa zikatoni za mkaka ndi za mazira, zotsala za ulusi, ndi dongo lopanga ndi ufa wa tirigu, mcere ndi madzi, naitana amisiri eni-eni kudzagwira nchito pamodzi ndi ana. Nchitoyi inafalikira ku sukulu zambiri za mzindawo, ndipo m'caka ca 1982 kunatsegulidwa sukulu ya sekondale ya boma ya luso, imene m'caka ca 2010 inapatsidwa dzina lace.

Njira ya Bauhaus inafalikiranso kwina. Moholy-Nagy anatsegula sukulu yotere ku Chicago m'caka ca 1937. Ku Mangalande, m'zaka za m'ma 1950, Victor Pasmore ndi Richard Hamilton ku Newcastle ndiponso Harry Thubron ku Leeds anayambitsa maphunziro oyambirira ofanana nao, ndipo caka coyamba ca kuyesa zipangizo cinasanduka mwambo m'sukulu zambiri za luso. Pamenepa pali ngozi yace. Phunziro limene linapangidwa kuti lithetse kukopera likhoza kukoperedwa lomwe. Wophunzira amene aona yankho m'buku, napinda pepala monga anapindira mnyamata wa ku Hungary uja, sasiyana ndi amene ankakopera zifanizo za njereza.

Masutikesi awiri

Njira yaciwiri ija inatsatidwa ndi mai wina wa ku Vienna, Friedl Dicker, wobadwa m'caka ca 1898 m'banja la Ayuda. Iye anaphunzira kwa Itten ku Vienna, namtsata ku Weimar m'caka ca 1919, nakhala ku Bauhaus kufikira 1923. M'caka ca 1934 anamangidwa ku Vienna cifukwa ca ndale, ndipo atamasulidwa anathawira ku Prague, kumene anaphunzitsa ana a anthu othawa kwao ndi kukwatiwa ndi Pavel Brandeis. Mmodzi wa ophunzira ace a nyengo imeneyo, Edith Kramer, anadzakhala ku Amereka mmodzi wa oyambitsa njira yothandiza ana obvutika maganizo mwa kujambula.

M'mwezi wa Disembala 1942 Friedl ndi mwamuna wace anatengedwa kunka ku Terezín, mzinda wa malinga umene Ajeremani ankaucha Theresienstadt, nausandutsa ndende yosungiramo Ayuda asanawatumize kokaphedwa. Munthu ankaloledwa kunyamula makilogalamu 50 okha, ndipo iye anadzaza gao lalikulu la katundu wace ndi zipangizo zojambulira. Anakhala m'nyumba ya atsikana yochedwa L 410, naphunzitsa ana mazana ambiri amene analekanitsidwa ndi makolo ao.

Zipangizo zinatha msanga. Pamenepo zimene anaphunzira kwa Itten monga njira yotsegulira maso zinakhala njira yokhayo yotsala. Ana ankadula ndi kung'amba mafomu akale a m'maofesi, mapepala okulungira katundu, zikatoni ndi zotsala za ulusi, namata maluwa, mitengo, nyumba za kwao ndi matebulo odzala cakudya. Pa zina mizere ndi zilembo za fomu zioneka pansi pa duwa. Friedl ankawaphunzitsa monga anaphunzirira yekha, kuyambira pa kupuma ndi kuyendetsa dzanja mwa kayimbidwe, kenaka kusiyanitsa cowala ndi cakuda, cacikulu ndi cacing'ono. Sanali kufuna kuwasandutsa akatswiri. Anafuna kuti mwana wamantha akhale ola limodzi akusankha yekha kanthu, m'malo amene zonse zinali kusankhidwa ndi ena. Ankalimbikitsanso ana kuti alembe maina ao pa nchito zao, kumene anthu ankawerengedwa ndi manambala.

Ana pafupi-fupi 15,000 anapyola mu Terezín, ndipo ambiri a iwo anaphedwa. M'mwezi wa Seputembala 1944 Pavel anatumizidwa ku Auschwitz, ndipo Friedl anapempha kumtsata. Asanacoke analongedza nchito za ana m'masutikesi awiri, zimene zinabisidwa m'nyumba ya ana. Anakwera sitima pa 6 Okutobala, naphedwa ku Auschwitz pa 9 Okutobala 1944. Mwamuna wace anapulumuka.

Nkhondo itatha masutikesiwo anatengedwa kunka ku Prague. M'kati mwace munali zithunzi zoposa 4,000, zojambula ndi zomata. Zisungidwa ndi Jewish Museum ya mzindawo, ndipo zina zimaonetsedwa m'sunagoge wa Pinkas, amene pa zipupa zace palembedwa maina a Ayuda pafupi-fupi 80,000 a ku Bohemia ndi Moravia amene anaphedwa. Pa ngodya ya zithunzi zambiri pali dzina la mwana, lolembedwa ndi dzanja lace.